Mmene mungakhalire wapolisi wongodzipereka ku England ndi Wales

Loweruka usiku, m'tauni ya ku England, mukaona apolisi awiri ataima pafupi ndi malo omwera mowa, n'kutheka kuti mmodzi wa iwo Lolemba m'mawa adzakhala akuphunzitsa ana masamu kapena akuyendetsa basi. Yunifolomu yake ndi yofanana ndi ya mnzakeyo, unyolo ali nawo m'chiuno, ndipo akakuuzani kuti mwamangidwa, mwamangidwadi. Kusiyana kwake n'kwakuti mwezi ukatha iye salandira malipiro. Kumeneko amamutchula kuti special constable, ndipo apolisi anzake amangoti special. Ngati mumakhala kumeneko ndipo mtima wanu wakhala ukukokera ku ntchito imeneyi, nayi njira yake kuyambira poyamba.

Poyamba, dziwani chimene mukulowa

Ambiri amaganiza kuti wongodzipereka ndi wothandizira chabe, woimirira pambali apolisi enieni akamagwira ntchito. Si choncho. Special ali ndi mphamvu zonse za konsitabulo: amamanga munthu, amasecha pamene lamulo likulola, amalemba masitetimenti, ndipo amakaima m'khoti kupereka umboni. Udindowu ndi wakale. Nyumba ya Malamulo inaukhazikitsa bwinobwino ndi lamulo la Special Constables Act mu 1831, patangopita zaka ziwiri Robert Peel atayambitsa apolisi a Metropolitan ku London mu 1829. Lero amasankhidwa potsatira Police Act ya 1996, ndipo kuyambira pamene Police and Justice Act ya 2006 inayamba kugwira ntchito, mphamvu zawo zimafika paliponse mu England ndi Wales, osati m'dera lawo lokha.

Musasokoneze udindowu ndi wa PCSO (Police Community Support Officer), wothandiza apolisi m'madera. A PCSO amalipidwa, amayendayenda m'madera, koma mphamvu zawo n'zochepa poyerekeza ndi za konsitabulo. Palinso anthu ena odzipereka amene amathandiza pa kauntala kapena mu ofesi, osavala yunifolomu ya konsitabulo. Ngati chimene mukufuna ndi kuthandiza popanda kulimbana ndi munthu woledzera pakati pa usiku, njira imeneyo ndi yabwino ndipo palibe chochititsa manyazi poisankha.

Ndikutsindika zimenezi chifukwa munthu amene waimba 999, nambala yoitanira apolisi mwachangu, mwamuna wake akumumenya sadzafunsa ngati mumalipidwa. Naye wonyamula mpeni sadzafunsa. Mu 1992 special wina dzina lake Glenn Goodman anawomberedwa n'kufa pafupi ndi Tadcaster ku North Yorkshire, ataimitsa galimoto momwe munali anthu a IRA, gulu la zida limene linkalimbana ndi ulamuliro wa Britain ku Northern Ireland. Zotere sizichitika kawirikawiri, koma kukankhidwa, kulavuliridwa ndi kutukwanidwa zimachitika, ndipo muyenera kudzifunsa muli nokha ngati mungazipirire osabwezera.

Chachiwiri, onani ngati mapepala anu ndi ntchito yanu zikulola

Apa ndi pamene anthu ochokera kunja amataya nthawi, choncho yambirani pomwepa musanalembe fomu iliyonse.

Muyenera kukhala ndi zaka 18 kapena kuposerapo pa tsiku lolandira udindo. Simukuyenera kukhala nzika ya Britain. Nzika za mayiko a Commonwealth, monga Malawi, Zambia ndi Mozambique, komanso za mayiko ena, zimaloledwa, bola zikhale ndi chilolezo chokhala m'dzikomo popanda malire a nthawi, chimene amachitcha indefinite leave to remain. Ngati muli pa viza ya sukulu kapena ya ntchito imene ili ndi tsiku lothera, dikirani kaye. Kuwonjezera apo, apolisi amafuna kuti mukhale mutakhala m'dzikomo zaka 3 zapitazi, kuti athe kufufuza mbiri yanu. Ngati pa zaka zimenezo munachokapo kwa miyezi yambiri, afunseni msanga ngati zikukhudzani.

Ntchito yanu ya masiku onse nayonso ingakutsekereni khomo. Mlonda wa kampani ya chitetezo, woimirira pakhomo la malo omwera mowa, wolemba matikiti a magalimoto oimikidwa molakwika, majisitireti, ndi ena a ntchito zofanana nazo nthawi zambiri saloledwa, chifukwa mphamvu za upolisi zikhoza kusakanikirana ndi phindu la ntchito yawo. Ambiri mwa anthu athu amagwira ntchito ya ulonda, ndiye mfundo imeneyi musaidumphe. Dera lililonse la apolisi limasindikiza mndandanda wake wa ntchito zoletsedwa ndi zimene amaziunika payekhapayekha. Anamwino, osamalira okalamba, aphunzitsi ndi oyendetsa magalimoto amalowa, ngakhale ena amafunsidwa kalata yochokera kwa abwana awo.

Chachitatu, werengani maola anu moona mtima

Madera ambiri amafuna maola osachepera 16 pa mwezi. Ku Metropolitan amawerengera maola 200 pa chaka, zomwe n'zofanana ndithu. Pakamwa zimamveka zochepa: mashifiti awiri basi. Koma shifiti imene inalembedwa kuti ithe 2 koloko usiku siitha nthawi imeneyo ngati mwamanga munthu 1 koloko. Muyenera kumutengera ku chitokosi, kufotokozera sajeni woyang'anira omangidwa chifukwa chimene mwamumangira, kenako kukhala pansi kulemba zonse. Kunja kumayera muli pa kompyuta. Pakapita miyezi, khoti likhoza kukuitanani pa tsiku la ntchito yanu yolipidwa, ndipo kukhoti sikukanidwa.

Tengani kalendala ya miyezi itatu yapitayi, muone masiku amene munalidi omasuka. Chotsanipo masiku a mapemphero, a ana, a maovataimu amene mumadalira kuti mutumize ndalama kwa makolo. Otsalawo ndiwo muli nawo. Kumbukiraninso kuti malamulo a nthawi yogwira ntchito a 1998 amafuna kuti munthu apume maola 11 pakati pa ntchito ndi ntchito, ndipo apolisi amafuna kudziwa maola anu a ku ntchito ina. Simungachoke pa shifiti ya usiku yosamalira odwala n'kupita kukavala yunifolomu muli ndi tulo m'maso.

Kenako lankhulani ndi a kunyumba. Osangowauza, koma kuwafunsa. Iwo ndiwo adzagona khutu lili kukhomo. Lankhulaninso ndi abwana anu, ndipo afunseni ngati kampani ili mu ndondomeko ya Employer Supported Policing, imene olemba ntchito ena amapatsa antchito awo masiku olipidwa oti akagwire za upolisi. Ndalama zoyendera ndi zina zimene mwawononga chifukwa cha ntchitoyi amakubwezerani, yunifolomu ndi zida amakupatsani, koma malipiro palibe. Amene akufuna ndalama yapadera asabwere kuno.

Chachinayi, sankhani dera ndi kulemba fomu

England ndi Wales zili ndi madera a apolisi 43, ndipo lililonse limalemba lokha anthu ake. British Transport Police, amene amayang'anira masitima ndi masiteshoni, nawonso amalemba ma special. Scotland ndi Northern Ireland zili ndi dongosolo lawolawo. Pitani pa tsamba la pa intaneti la dera lanu muone ngati atsegula, popeza ena amatsegula kangapo pa chaka basi. Akakonza madzulo ofotokozera anthu ofuna kulowa, pitani, ndipo mukafunse ma special amene ali kale m'ntchito kuti sabata yawo imayenda bwanji.

Pa fomu ndi pa mayeso ofunsana, safuna kumva kuti mumakonda kuthandiza anthu. Aliyense amatero. Amafuna nkhani yeniyeni: tsiku limene munatonthoza kasitomala waukali, tsiku limene munaona mnzanu wa kuntchito akuchita zosayenera n'kulankhula, tsiku limene munalakwitsa n'kuvomera. Konzani nkhani zinayi kapena zisanu zotere, ndipo pofotokoza muzinena chimene inuyo munachita. Ife tinaleredwa kunena kuti "tinachita", chifukwa kudzitchula wekha kumaoneka ngati kudzikweza, koma wofunsayo akuyesa inu, osati gulu lanu. Werenganinso Code of Ethics, malangizo a khalidwe la apolisi ochokera ku bungwe la College of Policing, imene inatuluka koyamba mu 2014 n'kukonzedwanso mu 2024. Mafunso ambiri amachokera mu mzimu wa chikalata chimenecho. Chizungu cholemba chiyeneranso kukhala chomveka, pakuti sitetimenti yanu idzawerengedwa ndi loya amene akufunafuna pokugwirani.

Chachisanu, kufufuzidwa mbiri

Gawo ili ndi limene limagwetsa anthu abwino, ndipo nthawi zambiri limawagwetsa pa chinthu chimene akanangochinena.

Adzakupatsani fomu yaitali yofunsa maadiresi onse amene mwakhalako, mayina a makolo, abale, mwamuna kapena mkazi wanu, ndi aliyense wamkulu wokhala nanu m'nyumba. Adzafunsa za milandu yonse: yaikulu, yaing'ono, chenjezo limene apolisi anakupatsani muli wachinyamata, milandu ya pamsewu, ngakhale imene inachitikira kunja kwa Britain. Pa ntchito zambiri, mlandu wakale ukapitirira zaka zake suyenera kutchulidwanso, malinga ndi Rehabilitation of Offenders Act ya 1974. Pa upolisi chitetezo chimenecho sichigwira. Zonse zimatchulidwa.

Nenani zonse. Mlandu waung'ono wakale suletsa munthu nthawi zonse, amauyang'ana ndi kukula kwake komanso zaka zimene zapitapo. Koma kubisa kumaletsa, chifukwa wapolisi amene ananama pa fomu sangakhulupiriridwe akaima m'khoti. Chimodzimodzi ndi achibale. Ngati mchimwene wanu anakhalapo m'ndende, kumutchula si kumupereka, ndipo mlandu wake si wanu. Mukamusiya dala n'kudzapezeka, pamenepo ndiye vuto lakhala lanu. Ndikudziwa kuti kwa ife kulemba dzina la m'bale pa pepala la apolisi kumalemera m'dzanja. Muuzeni m'baleyo musanalembe, amve kuchokera kwa inu.

Amayang'ananso ndalama. Kukhala ndi ngongole ya nyumba kapena ya galimoto imene mukubweza bwino si vuto. Vuto ndi ngongole imene inafika kukhoti ndipo simunaibweze, kapena kulengezedwa kuti mwalephereratu kubweza ngongole. Chifukwa chake n'chomveka: munthu wopanikizika ndi ngongole ndi wosavuta kumunyengerera ndi chiphuphu. Ngati muli ndi zotere, konzani kaye, mudzalembe pambuyo.

Adzatenga zidindo za zala ndi DNA, adzakuyezani mankhwala osokoneza bongo, ndipo adzaona zimene mumalemba pa Facebook ndi malo ena otere. Mamembala a magulu atsankho monga BNP, National Front ndi Combat 18 saloledwa konse. Zojambula za pathupi zonyoza anthu ena nazonso zimaletsa.

Gawo limeneli limatha kutenga miyezi, makamaka ngati achibale anu ali m'mayiko angapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Akakufunsani chinthu yankhani tsiku lomwelo, mukasamuka kapena kusintha ntchito auzeni, ndipo nthawi yodikirayo muigwiritse ntchito pokonzekera gawo lotsatirali.

Chachisanu ndi chimodzi, thupi

Mayeso othamanga si oopsa. Mumathamanga uku ndi uku pa mtunda wa mamita 15, motsatira kulira kwa belu limene limafulumira pang'onopang'ono, mpaka mufike pa mlingo wa 5.4. Zonse ndi mamita 525, pa mphindi zitatu ndi theka kapena kuposerako pang'ono. Chimene chimatopetsa ndi kutembenuka, osati mtunda. Yesani mamita 15 pabwalo, pezani mawu a belulo pa intaneti, muziyeserera katatu pa sabata, ndipo muzipitirira mlingowo kuti tsiku la mayeso mukhale ndi mpweya wotsala. Padzakhalanso kupimidwa maso, makutu ndi thanzi lonse. Matenda amene muli nawo atchuleni. Ambiri saletsa munthu kulowa.

Chachisanu ndi chiwiri, maphunziro ndi lumbiro

Maphunziro amachitika kwambiri Loweruka ndi Lamlungu kapena madzulo kwa miyezi ingapo, ndipo madera ena amawapanikiza m'masabata otsatizana. Apa kujomba sikuloledwa, choncho masiku ake muwadziwe musanavomere.

Mutu waukulu ndi lamulo la Police and Criminal Evidence Act la 1984, limene aliyense amangoti PACE. Mudzaphunzira kuti kumanga munthu kumafuna zinthu ziwiri: chifukwa chomveka chomuganizira mlandu, komanso chifukwa chimene kumumangako kuli kofunika panthawiyo, monga kuteteza mwana kapena kuti umboni usasokonezedwe. Kukwiya kwanu si chifukwa. Mudzaloweza pamtima mawu a chenjezo amene amauzidwa aliyense womangidwa: kuti sakukakamizidwa kunena kanthu, koma zingamuipire kukhoti ngati pofunsidwa sanatchule chinthu chimene adzachidalire pambuyo pake, ndiponso kuti chilichonse anganene chingaperekedwe ngati umboni. Mawu amenewa muziwanena m'Chizungu mukusamba, mukuyendetsa galimoto, mukuphika, mpaka azituluka okha, chifukwa tsiku loyamba kuwagwiritsa ntchito mtima udzakhala ukugunda ngati ng'oma.

Mudzaphunziranso kusecha munthu pamsewu, komwe muyenera kumuuza dzina lanu, siteshoni yanu, chimene mukufuna ndi chifukwa chake. Mvetserani kwambiri pa phunziro limeneli. Ku Britain anthu akuda akhala akusechedwa kwambiri kuposa azungu, ndipo bala limeneli ndi lakale. Mnyamata amene mudzamuimitse mwina waimitsidwapo kangapo popanda kulakwa. Mmene mudzamulankhulire adzakumbukira.

Pali maphunziro a chithandizo choyamba, a kalankhulidwe pa wailesi, a kamera yovala pachifuwa, ndi a kudziteteza: unyolo, ndodo, ndi utsi wa m'maso wotchedwa PAVA. Ma special sanyamula mfuti. Kuyambira 2022 ena odziwa ntchito amaloledwa kunyamula Taser, chida chofooketsa munthu ndi magetsi, ngati mkulu wa apolisi wa dera lawo wavomereza ndipo iwo aphunzira. Aphunzitsi abwino adzakuuzani kuti chida chimene mudzagwiritse ntchito kwambiri ndi pakamwa panu, ndipo akunena zoona.

Lumbiro limachitika pamaso pa majisitireti, kwina kumayambiriro kwa maphunziro, kwina kumapeto. Mumalonjeza kutumikira mwachilungamo, mokhulupirika, mwakhama ndi mosakondera, kulemekeza ufulu wa anthu, ndi kupereka ulemu wofanana kwa onse. Mukatero amakupatsani kadi ya upolisi. Mphamvu zimene zili pa kadiyo sizivulidwa pamodzi ndi yunifolomu, ndipo nawo malamulo a khalidwe la apolisi amakutsatani ngakhale muli paukwati wa mnzanu.

Chachisanu ndi chitatu, mashifiti oyamba

Simudzayenda nokha. Adzakuphatikizani ndi wapolisi wodziwa ntchito, ndipo mudzakhala ndi mndandanda wa zinthu zoti muonetse kuti mukutha: kumanga, kusecha, kutenga sitetimenti ya mboni, kusamalira malo amene pachitikira mlandu. Zikasainidwa zonse mumaloledwa kulondera panokha. Kwa munthu wa maola 16 pa mwezi zimenezi zimatenga nthawi yaitali, ndipo n'chifukwa chake ndimalangiza kuti chaka choyamba muzibwera pafupipafupi ngati mungathe. Amene amabwera kamodzi pa mwezi amaiwala zimene anaphunzira, n'kumayambiranso nthawi zonse.

Fikani msanga, wailesi ndi kamera zikhale ndi moto, ndipo muzipempha kukhala ndi gulu limodzimodzi la apolisi kuti akudziweni. Ena olembedwa ntchito amayamba akukayikira wongodzipereka. Musakangane nawo. Chimene chimawasintha maganizo ndi kuona kuti mumatsala mpaka mapepala atatha, osathawa ntchito yotopetsa monga kukhala ndi womangidwa kuchipatala usiku wonse. Pamene simukudziwa, funsani, pakuti safunsa anadya phula, ndipo phula la kuno limakathera kukhoti. Lembani m'kabuku kanu nthawi, malo ndi mawu enieni amene munthu wanena, chinthu chikangochitika kumene.

Chachisanu ndi chinayi, kukhala wapolisi pakati pa anthu okudziwani

Izi sizilembedwa kwambiri m'mapepala olembera ntchito, koma kwa anthu okhala kudziko la eni, kumene aliyense amadziwana ndi mnzake, ndiye nkhani yaikulu. Mbiri ikangomveka kuti mwalowa upolisi, foni idzayamba kulira. Wina adzati mumuonere ngati mwamuna amene akufunsira mwana wake ali ndi mlandu. Wina adzati mumufufuzire mwini wa nambala ya galimoto imene inamugunda. Wina adzati mulankhuleko ndi anzanu za tikiti yake.

Yankho ndi ayi, nthawi zonse, ngakhale wopemphayo ndi mkulu wa mpingo. Chilichonse chimene mwatsegula pa kompyuta ya apolisi chimasiya dzina lanu, ndipo kutsegula popanda chifukwa cha ntchito ndi mlandu pansi pa Computer Misuse Act ya 1990 ndi malamulo oteteza zinsinsi za anthu. Apolisi achotsedwapo ntchito ndi kuzengedwa milandu pa zimenezi. Konzeranitu mawu okanira mwaulemu: "Pepani bambo, zimenezo zingandimangitse, koma imbani apolisi pa 101 akuthandizani, ndipo ngati mukufuna ndikhala nanu poimbapo." Mukaitanidwa ku nyumba ya munthu amene mumamudziwa, uzani sajeni nthawi yomweyo kuti atumize wina ngati n'kotheka. Ngati pali mnzanu kapena m'bale amene ali m'zaupandu, lamulo la ntchito limafuna kuti mudziwitse akuluakulu anu.

Kudziwana ndi anthu kulinso ndi ubwino wake waukulu. Mayi amene akuopa apolisi chifukwa cha zimene anaona kumene anachokera, akamva chinenero chake kuchokera kwa wovala yunifolomu, amamasuka n'kunena zimene wakhala akubisa zaka. Auzeni akuluakulu anu zinenero zimene mumalankhula. Dziwani kokha kuti pofunsa munthu woganiziridwa mlandu pamafunika womasulira wovomerezeka, osati inu.

Usiku ukakhala woipa

Tsiku lina mudzaona mtembo, kapena mwana wovulazidwa, kapena mudzagogoda pakhomo kukanena uthenga wa imfa. Wapolisi wolembedwa ntchito amabwereranso mawa lake n'kukambirana ndi anzake amene anali nawo. Inu mawa lake mudzakhala ku ntchito yanu, pakati pa anthu amene sakudziwa kanthu ndipo simungawauze. Musachoke pa siteshoni usiku wotere musanalankhule ndi sajeni. Madera ambiri ali ndi ndondomeko yotchedwa TRiM, yoonana ndi wapolisi amene waona zoopsa patapita masiku ochepa, ndipo palinso Oscar Kilo, bungwe loona za umoyo wa apolisi. Zonsezi ndi zanunso. Kuyambira 2022 ma special amaloledwa kulowa Police Federation, imene imathandiza ndi maloya munthu akakudandaulirani kapena mukavulala pa ntchito. Lowani msanga, dandaulo lisanabwere.

Moyo ukasintha, mwina kwabadwa mwana kapena kwagwa maliro ofuna ulendo wautali, musangosowa. Lemberani woyang'anira ma special kuti mukupempha kupuma kwa miyezi yakutiyakuti, mutchule tsiku limene mukuyembekeza kubwerera, ndipo mufunse maphunziro amene mudzayenera kubwereza musanatulukenso pamsewu, popeza a kudziteteza ndi a chithandizo choyamba amachitidwanso chaka ndi chaka.